Tayala Limodzi la Agogo a Muhiwa

Ndikamva fungo la girisi wosakanikirana ndi fumbi la thonje, mtima umathawira kwa agogo anga aamuna, a Muhiwa, atanjuta pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa nyumba, akupaka mafuta akuda pa chitsulo cha ngolo ndi nthenga ya nkhuku, kwinaku utsi wa chingambwe ukutuluka m'mphuno ngati uvuni wa njerwa. Anali munthu wamfupi, wosakonda phokoso, wa buluku la zigamba zambiri kotero kuti nsalu yake yoyamba sinkadziwikanso.

Agogowa anali mkamwini. Kwawo kunali ku Ngokwe, koma anabwera ali mnyamata kudzakwatira agogo aakazi, a Nachisale, m'mudzi mwathu, ulendo wa maola awiri wapansi kuchokera pa Balaka. Kwathu mkamwini amalima munda wa mkazi, amamanga nyumba pa dothi la mkazi, ndipo mkaziyo akamwalira abale amamusudzula, iye n'kunyamula mphasa yake kubwerera kwawo. Vuto linali lakuti ku Ngokwe onse owadziwa agogo anali atatha. Tsiku losudzulidwa akanalowera kuti?

Ndinali mu Sitandade 1 chaka chomwe anabwera ndi tayala lija. Inali nyengo ya msika wa thonje, nyengo yomwe amuna a m'mudzi ankayenda mapewa ali m'mwamba. Wina wabwera ndi wailesi, wina nsapato zolira, wina sanafike n'komwe kunyumba chifukwa ndalama zatsekereza njira pa kachasu. Agogo anatulukira dzuwa litapendeka, thukuta lili kamukamu, akugubuduza tayala limodzi la galimoto yakale, chitsulo chake chili momwemo. Limodzi lokha!

A Likoswe, mchimwene wa agogo aakazi amenenso anali mwini mbumba yathu, anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Alamu, galimoto yanuyi miyendo inayo yatsalira kuti?"

"Ikubwera, alamu," anayankha agogo akupukuta nkhope. "Ndikufuna ngolo. Ngati mungakonde, ponyanipo ya thonje lanu tigule tayala lachiwiri mawa lomwe, ngoloyo ikhale ya tonse."

"Iyayi! Misala yanuyo ndi yanu nokha. Musadzalowetsemo mbumba yanga. Anthu onsewa akumvatu!"

Anthu anamvadi, ndipo anaseka. Tayala lija linakhala chaka chathunthu pakhonde, nkhuku zikuikiramo mazira. Kusukulu anzanga ankanditcha mdzukulu wa Tayala, ndipo sindibisa, ndinkachita nawo manyazi agogo anga. Tikakumana panjira ndili ndi anzanga ndinkayang'ana kumbali.

Chaka chotsatira linabwera tayala lachiwiri. Chachitatu, chitsulo cholumikiza matayalawo ndi matabwa. Chachinayi anagula ng'ombe ziwiri zowonda, nthiti zili pamtunda, n'kuzisungitsa m'khola la mnzawo Che Amidu kumsewu, osati m'mudzi mwathu. Nthawi yonseyi buluku linali lomwe lija. Agogo aakazi ankangowonjezera chigamba, osadandaula, chifukwa nzeru ya ngoloyo anapangana awiri.

Ngolo itayamba kuyenda, kuseka kunachepa. Anthu omwe ankasenza matumba a thonje pamutu mpaka khosi kulowa m'mapewa anayamba kubwera m'mamawa kudzagwada pakhomo. Thonje likatha ngolo inkanyamula njerwa, nkhuni ndi chimanga kupita pa Balaka, pobwerera mchere ndi palafini wa eni magolosale. Inkabwerera yopanda kanthu pokhapokha ikanyamula wodwala kapena maliro, ndipo amenewo agogo sankawalipiritsa. Ngakhale khadi la chipani ankagula chaka chikangoyamba, amati ngolo yoimitsidwa pachipata cha msika ndi anyamata ofunsa makhadi imadya osagwira ntchito.

Tsiku lina nditawathandiza kutsuka magoli anandipatsa matambala asanu. Ndinathamangira maswiti. Madzulo ake anandiitana.

"Esinta, ndalama ija yabereka chiyani?"

"Ndadya, agogo."

"Wachita bwino, mimba si mdani. Koma ndalama ikalowa m'manja uziyamba waifunsa kuti, iwe, ubereka kapena ungodyedwa? Ukadya zonse, mawa udzagwadira munthu."

Matambala otsatira ndinagula masingano awiri osokera matumba, n'kumabwereketsa pamzere wa thonje kwa anthu omwe matumba awo aphulika. Pakutha kwa msika ndinali ndi kwacha yanga yoyamba, ndipo ndinayenda nayo ngati ndagula Balaka yense.

Agogo aakazi anamwalira ndili mu Sitandade 7, mvula itangoyamba. Tinalira, tinameta, ndipo miyezi itapita linafika tsiku lomwe amayi ankaliopa. Mbumba yonse inasonkhana pansi pa bwemba uja. Agogo anakhala pa mphasa okha, chipewa chili pabondo, akuoneka ochepa kuposa kale. Ine ndinabisala kumbuyo kwa amayi.

A Likoswe anayankhula bwino poyamba. Anathokoza agogo posunga mlongo wawo mpaka kumuika m'manda, nati tsopano ndi omasuka. Nyumba itsala, munda utsala, nkhokwe ndi mitengo ya mango zitsala. Agogo ankangogwedeza mutu, pakuti mwambo ankaudziwa. Kenaka a Likoswe anatsokomola.

"Ngolo ndi ng'ombe nazonso zitsala. Zinapezeka muli pano. Ndi chuma cha mbumba."

Amayi anandifinya dzanja mpaka kupweteka. Popanda ngolo ija agogo akanakhala nkhalamba yopemphetsa pa siteshoni ya sitima, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa.

Agogo anayatsa chingambwe mosafulumira.

"Alamu, ng'ombe zija sizinagonepo m'mudzi muno ngakhale usiku umodzi, Che Amidu ali apawa anene. Koma za ngolo, ine ndakalamba, mutu umaiwala. Mundikumbutse: tsiku lomwe ndinabwera ndi tayala limodzi, ndikukupemphani kuti ikhale ya tonse, munandiyankha kuti chiyani?"

A Likoswe anayang'ana m'mwamba ngati mbalame za mu bwemba ziwathandiza. Amene anayankha anali a Nabanda, gogo wa m'mbumba yomweyo wopanda dzino ndi limodzi lomwe.

"Munati misala yawo ndi yawo okha, asadzalowetsemo mbumba yanu! Munatiuza kuti timve, ndiye tinamva!"

Wina anaphulika kuseka, kenaka bwalo lonse. Amayi anaimba nthungululu pamsonkhano wa chisoni, misozi ili mbwembwembwe, osasamala kuti anthu anena chiyani. Ine ndinalumpha, mdzukulu wa Tayala, ndipo tsiku limenelo dzinalo linanditsekemera.

Agogo sanachoke wapansi atanyamula mphasa pamutu. Anachoka atakhala pamwamba pa ngolo yawo, chikwapu m'manja, ana tikuthamangira m'mbuyo mpaka kumsewu. Sanalowere ku Ngokwe. Anakhotera ku Balaka, kumene iwo ndi agogo aakazi anali atagula kale kamalo kumbuyo kwa msika n'kumangapo kachipinda ka malata. Pambuyo pake anandiuza kuti agogo aakazi ndiwo ankawaumiriza, amvekere, "Abale angawa ndimawadziwa ine. Chuma chanu chikhale cha miyendo, kuti tsiku lokuthamangitsani chidzanyamuke nanu."

Ngolo inabereka inzake, ziwirizo zinabereka chigayo. Ndinakakhala nawo pamene ndinkaphunzira sekondale, ndipo fizi yanga yonse inatuluka m'chigayomo. Tsiku lina ndinaona a Likoswe atafika ndi thumba la chimanga panjinga, akuchita ngati asochera. Agogo anawalandira ndi manja awiri, anawapatsa mpando ndi tiyi wamkaka, koma pogaya anawalipiritsa ngati wina aliyense.

"Kuseka kunali kwaulere, alamu," anatero akulandira ndalama. "Kugaya ayi."

Lero chigayo chija ndi changa, ndipo ndili ndi china ku Liwonde. Ndinakwatiwa, ndinabereka, koma sindinagwadirepo munthu kupempha ya mchere. Chitsulo cha tayala loyamba lija ndinachipachika pa mtengo pakhomo pa chigayo. Magetsi akazima n'kuyakanso timachimenya kuitana anthu, ndipo chimamveka mpaka kutsidya kwa njanji. Mwezi watha mdzukulu wanga anandifunsa chifukwa chake ndimasunga chitsulo chadzimbiri pomwe mabelu ali mbwee m'sitolo. Ndinamupatsa ndalama pang'ono n'kumuuza kuti abwere madzulo adzandiuze chomwe yabereka.