Alamu Anga ndi Makina Olira Kwambiri

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, adagwira ulonda pageti la fakitale ya mabisiketi zaka makumi awiri ndi zisanu. Ntchito yawo inali kuyendetsa kandodo kolira m'khwapa ndi m'matumba mwa antchito poweruka. Anthu adawatcha Kwezanimanja, iwo n'kumayesa ulemu. Zaka zonsezo sadagwirepo wakuba, poti akuba a pafakitalepo ankaba mabisiketi, ndipo bisiketi sililiza makina. Koma mukawamva akulankhula, munkangoti chitsulo adachilenga ndi iwo.

Atapuma pantchito, manja adayamba kuwayabwa. Adayesa kuweta nkhunda, zidasamukira kwa aneba. Kenako adaona pafoni anthu akufukula mphete ndi makobidi akalekale ndi makina ofufuzira zitsulo pansi, aja okhala ngati mbale yomangirira kundodo. Basi, mtendere udatha. Ine ndinkakhala nawo, ndikusoka zovala m'chipinda chakuseri, choncho zonse ndidaziona ndi maso anga. Tebulo lodyera lidadzaza mapepala ojambulidwa mizere: awa amamva mpaka pati, awa ndi olemera bwanji, awa batire imatha msanga, awa amaopa mvula. Miyezi inayi tinkadyera pamiyendo.

"Abambo, mugula kapena mukukonzekera mayeso?" achemwali adafunsa tsiku lina.

"Mayi, makina si tomato. Sungangoloza n'kuti ndipatseni mulu uwo."

Tsiku logula adanditenga kuti ndiwanyamulire ndowa ya mchenga. M'menemo adakwirira msomali, chitsekero cha botolo ndi ndolo ya achemwali, imene adaitenga osapempha. Sitoloyo inali ya zida zakumunda, ndipo makina atatu anali atatsamira khoma pakati pa mapaipi ndi nsapato zamphira. Wogulitsa anali mayi wamagalasi, wodekha mtima ngati namwino.

Makina oyamba anali opepuka, okhala ndi kagalasi koonetsa manambala. Pamsomali adangoti zii, pachitsekero zii, koma pandolo adalira mofatsa. Achiwiri adalira pandolo ndi pachitsekero. Achitatu, chimphona cholemera ngati mpini wa pikisi, adakuwa pa chilichonse: msomali, chogwirira cha ndowa, shelefu, ngakhale zipi ya siketi yanga. Nkhope ya alamu idawala.

"Oyambawa ndiye abwino, bambo," adatero mayi uja. "Amasiyanitsa zitsulo. Akamva msomali amakhala chete, kuti musavutike kukumba zinyalala."

"Kukhala chete? Mlonda akaona chitsulo n'kukhala chete timamuchotsa ntchito!"

"Komatu achitatuwa adzakukumbitsani paliponse."

"Mwana wanga, ine ndidayamba kugwira makina iwe usanamere mano."

Mayiyo anali ndi imvi mbali zonse ziwiri. Adangovula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuyamba kukulunga chimphonacho. Mapepala a miyezi inayi aja anali m'thumba la jekete ya alamu, ndipo sadawatulutse n'komwe. Ine ndidasenza ndowa yanga, manyazi ali tho.

Sabata yoyamba adayambira pakhomo. Makina adakuwa pakati pa maluwa a achemwali, alamu n'kulamula kuti aliyense aime patali. Adagwetsa khasu katatu, kachinayi madzi adatumphuka mpaka pawindo. Chuma chawo chinali paipi yathu. Wokonza mipope atabwera adayang'ana dzenje, adayang'ana makina, n'kufunsa ngati pali maliro, poti achemwali ankalira maluwa awo mokweza.

Atathamangitsidwa pakhomo, adapita kubwalo lampira. Ankabwerako matumba ali phwamwamwa: zitsekero, misomali yopindika, mawaya, supuni yopanda mutu. Zonse ankazitsuka ndi mswachi wakale, n'kuziika m'mabotolo a jamu olembedwa tsiku ndi malo. Mlendo akabwera ankayamba waonetsedwa mabotolowo asanapatsidwe mpando. Supuni ija ankati ndi ya anthu akale kwambiri, ngakhale m'kabati mwathu munali zinzake zisanu zofanana nayo.

Amene adawapezera ntchito ndi mwini galaja ya kumapeto kwa msewu wathu. Matayala a magalimoto ankangophulika pabwalo lake chifukwa cha misomali, ndiye adawauza kuti, "Madala, kale pano padali nyumba ya munthu wolemera. Tayesani mwayi." Bodza la masana, koma alamu adalimeza ndi mbedza yomwe.

Mpaka lero amapita m'mawa uliwonse, malaya ositidwa, makina paphewa. Mukawafunsa amati ali pa kafukufuku. Achemwali adandiletsa kuwauza zoona, ati bola kunyumba kumapita mphepo. Dzulo ndidadutsa pagalajapo popita kukagula ulusi. Ndidawapeza atawerama pakati pa mafuta akuda, makina akukuwa, dalaivala wina atakhala pabenchi n'kumaloza ndi phazi.

"Madala, apa mwadumphapo!"

Alamu adabwerera msangamsanga, n'kugwada.