Anamukweza Keziah Palichero

Ba Nsofwa a ku Chelstone ndi mayi woluka tsitsi, koma musawaone choncho, ali ndi buku lawolawo. Analilemba pafoni podikira makasitomala, atamwalira mkulu wawo Keziah, kenaka n'kulisindikiza. Achibale a malemu mwamuna wa Keziah anakokolola katundu yense misozi isanaume, n'kusiya mwana, Tanya, m'nyumba yopanda ngakhale mpando.

M'bukumo mzimu wa Keziah suoneka ndi maso. Mwana akadzuka amangopeza mbaula yayaka, madzi osamba atentha. Olanda katundu aja fungo la mafuta odzola a Keziah limawatsata, m'minibasi, m'tchalitchi momwe, mpaka kubweza zonse.

Kenaka kunabwera Morris, mnyamata wa ku Kabulonga wa kamera yake, nati bukuli alisandutsa filimu. Ba Nsofwa anauza msika wonse.

Tsiku loonetsa, muholo ina ku Woodlands, Keziah anatulukira pasikirini: maso psuu, nkhope yaphulusa, akuuluka palichero. Holo yonse inakuwa, "Mfiti!" Dzina lake silinasinthidwe n'komwe.

Ba Nsofwa anamugwira Morris pakhomo.

"Iwe Morris! Anakuuza ndani kuti womwalila amakwela lichelo?"

"Ba mami, fungo silioneka pasikilini. Anthu afuna kuopa."

"Lichelo ni la mfiti! Mfiti idya ana, uyu anabwelela kusamala mwana wake. Unakulila kuti iwe?"

"Ni filimu chabe."

"Chabe? Bweletsa amako tiwakweze palichelo, tione ngati ni chabe!"

Morris analonjeza kudula gawolo, koma filimu inali itafika kale pamafoni. Ndipo Chelstone inkamudziwa Keziah. Kusukulu anzake a Tanya anasuntha madesiki. Azimayi akutchalitchi anati mwanayo akapemphereredwe. Tanya anasiya sukulu, nauza Ba Nsofwa maso ali gwa, "Musanichulenso mwana wa Keziah."

Mawu amenewo ndiwo anawapsetsa mtima kuposa lichero. Analingalira, napeza chida chawo: munthu wolukidwa theka la mutu sathawa. Kuyambira pamenepo aliyense wokhala pampando wawo amamva bukulo, afune asafune. Manja ali m'tsitsi, pakamwa pakutuluka nkhani. Wina akati, "Koma mufilimu muja..." amamukoka tsitsi.

"Khala bwino! Mvela zoona."

Makasitomala ena anathawira kwina. Ba Nsofwa sanasiye.

Tanya ankamvera ali kuseri kwa katani, poti bukulo anali asanaliwerengepo. Loweruka lina mawu a Ba Nsofwa atasasa, Tanya anatuluka n'kutenga bukulo kuti apitirize kuwerenga. Pampando panali mayi wa mnzake wa m'kalasi, mutu uli wolukidwa theka.

"Ni mwana wa ndani uyu?" anafunsa mayiyo, ngati sakudziwa.

"Wa Keziah," anatero Tanya. "Osagwedeza mutu, ba mami. Tikali pa nkhani ya mbaula."