Sitima Yanga ya Makala

Lero m'mawa ndimakalipira wogulitsa makala chifukwa chondibweretsera onyowa. Kenako fungo la makalawo linandilowa m'mphuno. Ndinapezeka ndili kwathu ku Kaphuka, ndili mwana wa pulayimale.

Ndinali ndi sitima yangayanga. Mabogi anali zitini za nsomba zolumikiza ndi waya, mawilo zitsekerero za mabotolo. Njanji inali ya mapesi ong'alula, yotsetsereka kudutsa kanjira kochokera kumanda. Ndinkapakira makala otola kukhitchini n'kukawatsitsa patsinde pa mtengo wa pichesi. Wondipondera njanjiyo, kaya ndi wamkulu, tinkagwirana.

Tsiku lina nkhungu itakuta phiri, ng'oma zinalira chapafupi.

"Gule uyo! Thawa iwe!" anakuwa mkulu wanga.

"Nanga sitima?"

"Ukafa idzakulira sitimayo? Tiye!"

Ife ana a Akatolika gule tinkamuopa zedi. Ndinathamangira m'nthochi n'kubisala. Chilombo chinatulukira, thupi lonse matope, nthenga kumutu, chikwapu m'manja, n'kuima panjanji penipeni. Ndinati basi, zitini zanga zaphwanyika.

Chinawerama. Bogi lomaliza ndinali nditaligwetsa pothawa. Chinalibwezera pamapesi n'kutolera makala otayika limodzilimodzi. Kenako chinakoka chingwe cha sitimayo pang'onopang'ono mpaka papichesi, chikulira ndi kamawu kake kopyapyala: "Kuuu! Kuuu!"

Chinalumpha njanji mosamala n'kumapita. Ine m'nthochimo ndinakhala pansi pamame, ndikuseka chamumtima.