Mwezi Umene Mal-sun Sanauwerenge

Ham Mal-sun sanali munthu wolemba zinthu. Zaka makumi atatu ndi zinayi akusoka m'kachipinda kake kumsika wa ku Daegu, pakati pa wogulitsa mabulangete ndi wokonza maambulera, sanalembepo muyeso wa munthu papepala. Ankangokuyang'ana kamodzi, n'kukuuza mosapsatira kuti wanenepa m'chiuno, ndipo ukabwera Lachinayi thalauza linkakukwana. Mutu wakewo ankaunyadira kwambiri, mwina mopitirira muyeso, ndipo ndi umene unadzamuika m'mavuto.

Anali wosakhazikika chibadwire. Mpunga ankadya chiimire, foni ankayankha singano ili pakamwa, ndipo ntchito ikangochepa pang'ono ankayamba kusesa posesa kale. Anzake a mumsika ankamuseka kuti tsiku la maliro ake adzadzuka m'bokosi kuti aone ngati alendo onse alandira chakudya. Iye ankawayankha kuti akadzaphika bwino sadzadzuka.

Kunyumba anali mkazi wa mwana woyamba wa banja la Seok, ndipo kwathu kuno ku Daegu aliyense amadziwa katundu amene mkazi wotere amasenza. Apongozi ake aamuna anamwalira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo jesa yawo, mwambo wa chaka ndi chaka wokonzera malemu chakudya pa tsiku limene anatisiya, inali pamutu pa Mal-sun. Amuna ake, a Dong-pil, ankavala jekete, kugwada ndi kuthira mowa m'kapu. Ang'ono awo awiri ankafika ndi akazi awo zonse zitapsa kale. Mal-sun sanajombepo n'kamodzi komwe, ngakhale chaka chimene anathyoka dzanja.

Za ulendo wa ku Prague, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, anayambitsa ndi achemwali ake, a Gil-ja. Awa ndi amene anamulera mayi awo atamwalira, ndipo anayamba ntchito yonyika nsalu mu utoto kufakitale ali ndi zaka khumi ndi zisanu zokha. Tsopano maso awo anali akutha. Mdima unayambira m'mbali n'kumalowa pakati, ndipo dokotala sanawabisire. Anawaika pa jakisoni wa mwezi ndi mwezi mpaka Seputembala, koma anati jakisoniyo angochedwetsa chabe. A Gil-ja sanalire. Anangoti pali chinthu chimodzi chimene chimawasowetsa mtendere: madenga ofiira a mzinda wa Prague amene anawaona pa kanema. Moyo wawo wonse ankasakaniza utoto wofiira, koma kufiira koteroko sanakupezepo, ndiye ankafuna akaone okha ngati n'koona kapena ndi bodza la anthu a kanema.

Mal-sun anaugwira ulendowo ngati ukwati wa mwana wake. Tsiku lina m'Disembala mwana wake wamkazi, Yu-rim, anabwera kudzagula matikiti a ndege pa foni, n'kufunsa masiku. Mal-sun anatsinzina pang'ono n'kuwerengera. Jesa imatsata mwezi wa kumwamba, osati kalendala ya boma, ndipo chaka chilichonse imabwerera m'mbuyo masiku khumi ndi limodzi. Yomaliza inali pa 7 Okutobala, ndiye yotsatira idzagwa kumapeto kwa Seputembala. Anauza Yu-rim kuti agule a pa 23 Okutobala, kubwerako pa 27. Kalendala ya chaka chatsopano, ija yokhala ndi timanambala ta mwezi pansi pa manambala akuluakulu, inali ikadali yokulungidwa pamwamba pa firiji. Yu-rim anati aitsitse kaye aone, chifukwa matikiti otsika mtengowa sasinthidwa. Mal-sun anamufunsa ngati anamuonapo akulakwitsa tsiku chibadwire chake, ndipo mwanayo anangodina pa foni.

Kuyambira pamenepo mumsika simunapumike. Masiku okhala mumzindamo anali atatu okha, koma Mal-sun ankawasoka n'kuwamasula ngati diresi la mkwatibwi wovuta. Zonse ankazikonza potsata dzuwa, chifukwa achemwali ake ankaona bwino kukakhala kuwala kokwanira basi. Pa mlatho wakale wa ziboliboli akapita m'mamawa anthu asanadzaze. Pa nsanja ya pabwalo lalikulu, pomwe madenga onse amaonekera, akakwera masana dzuwa lili paliwombo, ndipo anamuimbira Yu-rim katatu konse kuti atsimikize kuti nsanjayo ili ndi chikepe. Kuphiri kumene kuli nyumba yachifumu akapita pa thiramu, sitima yoyenda mumsewu, masitepe ayi. Lolemba wotchi yotchuka ya zidole ya mumzindamo inali pa ndandanda ya tsiku loyamba, Lachiwiri inasamukira pa lachitatu, Lachitatu anaichotsamo, Lachinayi inabwereranso. Anasokera timatumba tobisika m'masiketi awo onse awiri mokaika mapasipoti, ndipo anadzisokera chipewa chachikasu kuti a Gil-ja akamuone msanga m'chipiringu. Wokonza maambulera uja anamufunsa ngati akupita masiku atatu kapena akukafunsira malo.

Choncho anafika m'mwezi wa Epulo. Masana ena mayi wina anabwera ndi mpukutu wa nsalu yokhakhala, nauika patebulo mosamala.

"Ndikufuna mundisokere zovala zodzaikira amayi m'manda. Ali moyo, sakudwalanso ayi. Koma poti chaka chino chili ndi mwezi wobwereza, akuti zikasokedwa m'mwezi umenewo kholo limakhalitsa. Ndati ndibweretseretu mzere usanatalike."

"Mwezi wobwereza? Chaka chino?" anafunsa Mal-sun.

"Inu atelala osadziwa? Wachisanu ndi chimodzi ubwera kawiri."

Mal-sun anangolandira nsaluyo. Mayiyo atangotuluka, anakwera pampando n'kuyamba kutsegula masamba a kalendala ya pakhoma mpaka pa Okutobala. Chaka chikakhala ndi mwezi wobwereza, masiku onse otsatira amakankhidwira kutsogolo. Chala chake chinatsata timanambala tating'ono tija mpaka chinaima. Jesa ya apongozi ake inali pa 25 Okutobala, tsiku lenilenilo lokwera nsanja. Anawerenganso kawiri ngati kuti kalendala ingachite manyazi n'kusintha.

Sanauze munthu. Milungu isanu yathunthu anayenda nayo nkhaniyo ngati mwala mu nsapato. Anasoka zipi chozondoka pa siketi ya mwini wake, chinthu chimene sanachitepo. Anamufunsa Yu-rim mozungulira ngati matikiti aja angasunthidwe, mwanayo n'kumukumbutsa zimene ananena m'Disembala. Anaganiza zogula ena a Novembala, koma nthawi imeneyo kumeneko dzuwa limalowa msanga ndipo kumakhala mitambo, ndiye achemwali ake akaona chiyani? Anaganiza zophikiratu n'kusunga mufiriji, koma malemu sapatsidwa chakudya chogona. Anaimbira mkazi wa mlamu wake wamkulu, ndipo asanafike n'komwe pa nkhani, mayiyo anali atayamba kale kufotokoza za msana wake. Mkazi wa mlamu wamng'ono amapemphera, ndipo ku jesa amangoima pakhomo manja ali kumbuyo. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo Mal-sun, amene sankaopa kuuza munthu kuti wanenepa, ankaopa kutsegula pakamwa m'nyumba mwake momwe.

Pomaliza anagonja. Loweruka lina anatseka kachipinda kake masana n'kukwera basi kupita kwa achemwali ake kuti akawauze kuti ulendo walephereka. Mawu anali atawakonza kale njira yonse. Atalowa m'nyumba yosanja imene a Gil-ja ankakhala, anamva munthu akutsika masitepe pang'onopang'ono, akuwerenga mokweza. Anali iwo, atavala nsapato zatsopano za ulendo, dzanja limodzi litagwira chitsulo cha m'mbali. Mal-sun anaima pakona kuti awapatse njira. Anamudutsa pafupi kwambiri moti mkono wa juzi lawo unamukhudza, koma sanamuone. Anapitiriza kuwerenga mpaka pansi, n'kutembenuka kuti akwerenso.

"Achemwali."

"Iwe, wafika nthawi yanji? Taona, lero ndakwera kanayi osapuma. Kumeneko sindikakuchititsa manyazi." Anaseka, kenaka anatsitsa mawu. "Koma chipewa chako chija chikhale chachikasu chenicheni, wamva? Chotuwa sindikuchionanso."

Mal-sun anati wangodutsa kudzaona ngati nsapatozo sizikuwathina. Anagwada n'kudina kuphazi kwawo nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira, chifukwa misozi inali itadzaza m'maso ndipo sankafuna kuti imveke m'mawu. Chisoni chinamugwira, koma pobwerera m'basi chinasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndi umene unamutsegula pakamwa.

Mawa lake pa chakudya chamasana anakhala pansi, zimene zinawadabwitsa a Dong-pil. Iwo anali munthu wa mawu ochepa, makaniko wa mabasi wopuma ntchito, amene ankakhulupirira kuti chinthu chikamayenda bwino usachitsegule. Mal-sun anawauza zonse mosazungulira: kuti analakwitsa kuwerenga, kuti jesa ikugwa mkati mwa ulendo, ndi kuti iye apitabe.

A Dong-pil anaika timitengo todyera pansi. "Nanga bambo?"

"Bambo abwera chaka chino, chaka chamawa adzabweranso. Maso a achemwali anga sadzabweranso."

"Amake Yu-rim, ang'ono anga ndikawauza chiyani?"

"Mukawauze kuti munakwatira mkazi wosadziwa kuwerenga miyezi."

A Dong-pil anakankha mpando. Anadzuka, navala nsapato n'kutuluka, msuzi atausiya m'mbale. Masiku asanu ndi anayi otsatira m'nyumbamo munkangomveka supuni ndi wailesi. Mlamu wamkulu anaimba foni n'kulankhula za ulemu wa banja mpaka khutu la Mal-sun linatentha, ngakhale mwiniwakeyo sanasendepo ndi anyezi m'modzi yemwe pa jesa ya bambo ake. Mal-sun sanabwerere m'mbuyo, koma mtima wake sunali m'malo. Apongozi akewo ankawakonda. Ndi iwo amene anamugulira makina ake oyamba osokera, ndipo akaganiza kuti adzafika pa tsiku lawo n'kupeza tebulo lopanda kanthu, ankadziona wolakwa. Ankapita kumsika m'bandakucha, kubwerera, kupitanso, n'kumasula chikwama cha ulendo chimene anali atalongedza kale.

Tsiku lakhumi m'mawa, akumanga nsapato kuti azipita, anapeza a Dong-pil atakhala patebulo la kukhitchini, atavala magalasi, kope lawo lakale la kugaraja lili patsogolo. Sanamuyang'ane.

"Tanenani. Mumayambira pati?"

Mal-sun anayamba, nsapato imodzi ili kuphazi. Anati kutatsala masiku atatu amapita kumsika wa nsomba m'mamawa, ndipo nsombayo ikhale yathunthu, yosathyoka mchira. Zipatso zikhale zopanda banga, chiwerengero chake chosagawika pawiri. Mbale zamkuwa zija zitsitsidwe m'kabati, zikwechedwe imodziimodzi mpaka ziwale. Masamba a mitundu itatu, owuma anyikidwe dzulo lake, mtundu uliwonse uphikidwe pawokha, osathira adyo, osathira tsabola. A Dong-pil ankalemba pang'onopang'ono ndi zilembo zawo zikuluzikulu, nthawi zina n'kumuimitsa kuti abwereze. Tsamba linadzaza, anatsegula lina, linadzazanso. Anatambasula zala zawo n'kufunsa ngati atsala pang'ono kumaliza.

"Tikadali pa za dzulo lake," anatero Mal-sun. "Zokazinga sitinayambe."

A Dong-pil anavula magalasi. Anayang'ana masamba awiri aja, n'kuyang'ana manja a mkazi wawo, n'kubwereranso ku masamba. Mal-sun anadikira kuti anene kuti sizingatheke, ndipo yankho anali atalikonzeratu pakamwa. Koma iwo anangopukuta magalasiwo ndi malaya, nawavalanso, n'kutsegula tsamba lachitatu.

"Chaka chino bambo adya zopserera," anatero. "Pitirizani."

Mal-sun anavula nsapato imodzi ija. Anakoka mpando n'kukhala pafupi nawo, ndipo tsiku limenelo kachipinda ka kumsika kanatsegulidwa masana.