Nthochi za Kuseri kwa Nyumba ya ku Woodlands

Nyumba imene ndinagwiramo ntchito zaka zambiri inali ku Woodlands, mumsewu wa mitengo ya jakaranda. Ndinalowamo ndili mnyamata wongochoka kumene ku Katete, dziko lisanalandire ufulu, ndipo kuphika, kuchapa ndi kusesa zonse zinali zanga. Bwana anali mzungu wa pakampani ina ku Heavy Industrial Area. Ine ndi mkazi wanga tinkakhala m'kanyumba ka antchito kumbuyo kwa nyumba yaikulu, ndipo kuseri kwa kanyumbako kunali nthochi zowirira mpaka kukafika kumpanda.

Boma litatenga kampani ija, masiku amene chipani chinatsala chimodzi, bwana anati akubwerera kwawo, nyumba igulitsidwa. Kunabwera munthu wa ntchito yogulitsa nyumba za ena, Mzambia mnzathu wovala suti yonyezimira, kudzaona zofunika kukonza. Ine ndinkamutsatira ndi makiyi. Nthawi imeneyo n'kuti nditayamba sukulu ya madzulo, ndevu zili kale kuchibwano, choncho Chingerezi chimene ankalankhula ndi bwana ndinkachimva. Anati makoma apakidwe penti, matabwa a m'denga la kukhitchini amene anadyedwa ndi chiswe asinthidwe, mipope yodontha imangidwe. Titafika kuseri anaima n'kupukusa mutu.

"Nthochi izi zichoke," anatero kwa bwana. "Ogula masiku ano ndi akuluakulu a boma. Akaona izi aziti ali kukomboni. Kanyumba akanso kakhale ndi chimbudzi chamadzi. Dzenje lake likumbidwe apa." Anaponda ndi chidendene pakati pa nthochi. Kenaka anatembenukira kwa ine n'kunena m'Chinyanja cha m'tauni, "Iwe khukhi, wamvela? Uzayamba kukhala monga bwana."

Ndinaseka chifukwa iye anaseka.

M'nthochi zimenezo munali mwana wathu woyamba. Anabadwa atafa kale, m'kanyumba momwemo. Kwathu mwana wotere timati mtayo. Salira maliro, sapita naye kumanda, ndipo mwamuna aliyense, ngakhale bambo wake, saloledwa kudziwa pamene waikidwa. Amamuika amayi okhaokha, m'kadzenje kosaya, chifukwa amati mukakumba mozama mwatseka mimba ya mayi wake. Amatinso amuna akamufukula, zomwe zinachitikazo zimabwerera pa mimba yotsatira. Tsikulo anabwera mkulu wake wa mkazi wanga kuchokera ku Kabwata, ali ndi mayi wina wa kumpingo, ndipo iwo ndiwo anazungulira kuseri ndi khasu. Mkazi wanga anali chigonere. Ine ndinali m'nyumba yaikulu, chifukwa dona, mkazi wa bwana, anali ndi alendo a chakudya chamasana. Kuyambira m'mawa ndinkamva kubuula kwake pawindo la kukhitchini, galimoto ya bwana ili chiimire pabwalo, koma ndinaopa kukaipempha. Dona atafunsa pambuyo pake, ndinati zinathera kuchipatala.

Tinakhala zaka zambiri opanda mwana. Chaka chogulitsa nyumbachi ndi chimene mkazi wanga anaimanso, ndipo mimba inali itayamba kuoneka.

Ntchito inayambira m'nyumba yaikulu. Bwana anandituma ku Kamwala kukagula penti, njereza ndi mabulashi, ndipo anabweretsa amisiri awiri, Abemba ochokera kumigodi ya ku Kopala. Anali anthu abwino, a manja achangu, koma Mbemba akaona munthu wa kummawa pakamwa pake sipatseka. Ndi chibale chathu chakale, timatchulana kuti mbuya, iwo kutiseka za mbewa, ife kuwaseka za anyani. Wamkulu mwa awiriwo ankati akandipeza ndikuyang'ana kunthochi, amaika bulashi pansi.

"Shani, ba khukhi? Muyang'ana chani uko? Ndiye kwamene musunga mbeba zanu?"

"Anyani anu ndiwo ndikuwayang'ana, angatithere nthochi," ndinkayankha, chifukwa ukapanda kubwezera amadziwa kuti pali kanthu.

"Osadandaula. Tikayamba kukumba tizazipeza zonse, na ana bake."

Iye ankangoseka. Ine m'maganizo ndinkaona piki yake ikulowa m'dothi lofewa lija, iye n'kuwerama, n'kuitana mnzake. Masiku amenewo mbiri ya mafupa a mwana pabwalo la mzungu ikanafika kwa anyamata a chipani apolisi asanamve, ndipo anyamatawo sankafunsa kawiri. Koma zimenezo sizinali zazikulu. Chimene chinkandiopsa kwambiri ndi mkazi wanga ndi chimene anali nacho m'mimba.

Ndinayamba kuchedwetsa ntchito. Ndinkawapatsa amisiri tiyi pafupipafupi. Ndinkatenga dona kukamuonetsa ming'alu imene iye sanaione m'zaka zonse, kuseri kwa makabati, pansi pa mawindo, ndipo iye ankandiyamikira kuti ndine wokhulupirika. Chipinda chilichonse chikatha, chikununkha penti, dona ankaomba m'manja, ine n'kuona kuti ayandikira. Anamaliza zipinda zogona, anamaliza khitchini, anapaka njereza mpanda wa kutsogolo ndi miyala ya m'mbali mwa njira ya galimoto. Nyumba imene ndinaisesa zaka zonsezo inasanduka yachilendo, mawu akumveka ngati m'tchalitchi chopanda anthu. Kenaka tsiku lina masana anabwera kuseri ndi zikhomo ndi chingwe, nayeza malo a dzenje pakati pa nthochi. Anati sabata ya mawa ayamba.

Mkazi wanga anaziona zikhomozo akukayanika zovala. Madzulo ake sanadye. Nkhani ya mwana uja tinali tisanaitchulepo chichitikire.

"Kodi mukudziwa pamene anamuika?" ndinamufunsa.

"Safunsa," anatero. Anagwira pamimba ndi manja onse awiri. "Ndinali chigonere. Odziwa ndi achemwali."

Lamulungu, mapemphero atatha, ndinakwera njinga kupita ku Kabwata. Alamu angawo ankagulitsa kapenta ndi nyemba pamsika, ndipo anali mayi wa pakamwa poopedwa ndi mzere wonse wa nyumba za khonsolo. Ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Mayi wa kumpingo uja anali atamwalira kale, choncho wodziwa anatsala iwo okha.

"Alamu, nkhope imeneyo mwaibwereka kwa ndani?" anandilonjera. "Mzungu wanu wakuuzani kuti kwawo sakupita nanu? Ine ndimayesa akulongedzani m'bokosi pamodzi ndi mbale."

Ndinakhala pampando n'kuwauza zonse, za wogulitsa nyumba, za chimbudzi, za zikhomo. Manja awo anasiya kusankha.

"Ndiuzeni pamene pali," ndinatero. "Ndisuntha zikhomo iwo asakuona."

"Ndikuuzeni inu?"

"Ndine bambo wake."

"Bambo wake anali kunyamula mbale za azungu tsiku lija. Lero ndiye mwakumbuka?" Anandiyang'ana mpaka ndinazolika. "Mwamuna sauzidwa. Mukadziwa muyamba kumapayang'ana, mawa mukupaponda, mkucha miyendo yatupa, mng'ono wanga azisamala mimba ndi inu nomwe. Ndiponso mukasuntha zikhomo, Abemba anuwo ndi akhungu? Obwera kudzagulawo sadzakumbanso pena?"

"Nanga nditani, alamu?"

"Inu mudziwa kutani? Pitani mukapukute pansi pa mzungu. Mukamuuze dona kuti kubwera amayi osauka kudzapempha ana a nthochi, poti zikutayidwa."

Anandipatsa kapenta wa m'kapepala kuti ndikampatse mkazi wanga, ndipo sanandiperekeze.

Masiku otsatirawo alamu sanabwere. Amisiri anayamba kudula nthochi za m'mphepete, ndipo chikwanje chilichonse ndinkachimva m'mano. Alamu anafika Lachisanu m'mawa, ali ndi amayi awiri a mpingo wathu, atanyamula makasu ndi mabeseni. Dona anakondwa kuti zinyalala zichepa. Alamu anapita molunjika kwa amisiri.

"Imwe ba mbuya, chokaniko uku. Kwatentha, tifuna kuvula mabulauzi."

"Ise taona zambili ku Kopala, mayo," anatero wamkulu uja.

"Za anyani, osati za anthu. Tiyeni, kutsogolo."

Amisiri anapita kukapaka geti akuseka. Alamu anauza mkazi wanga kuti akhale pa mpopi wa m'mbali mwa nyumba, asayang'ane kumbuyo. Ine ndinagwada pakhonde la kutsogolo ndi polishi wofiira. Ndinkamva makasu. Amayi a mpingo wathu akagwira ntchito pamodzi amaimba, koma tsikulo kunali zii. Makasu ankalira, n'kuleka, n'kuliranso pena. Ndinapukuta malo amodzi mpaka ndinadziona nkhope.

Ali mkati motero, pageti panaima galimoto yakuda. Anatsika wogulitsa nyumba uja, ndi bambo wina wonenepa wovala malaya a chipani, ndi mkazi wake. Anali ogula, abwera osanena. Dona anatuluka kukawalandira, ine ndinaimirira ndi nsanza m'manja. Ndinkapemphera kuti ayambire m'nyumba. Anaima pabwalo kuyang'ana denga, ndipo nthawi yomweyo amayi atatu aja anatulukira pakona ya nyumba, mmodzi kumbuyo kwa mnzake, aliyense atasenza beseni lodzaza dothi, masamba a ana a nthochi akusuzumira pansi pa zitenje zimene anavundikira.

"Imani," anatero bambo wa chipani. "Mwanyamula chiyani? Katundu wa nyumba ino asamatuluke chisawawa."

"Nthochi, atate," anayankha alamu, amene anali patsogolo. "Mukafuna tikusiyireniko imodzi."

Bamboyo anatambasula dzanja n'kugwira nsonga ya chitenje. Mkazi wake, mayi wamtali amene anali asanalankhulepo, anayang'ana amayi atatuwo, mapazi awo opanda nsapato ndi nkhope zawo zosaseka. Kenaka anayang'ana mkazi wanga, amene anali chikhalire pampopi atafulatira, mimba ili pamiyendo.

"Asiyeni apite," anatero kwa mwamuna wake. "Za amayi izo."

Bamboyo anachotsa dzanja, n'kufunsa wogulitsa ngati garaja ingalowe galimoto ziwiri. Amayi anatuluka pageti osatsanzika, osacheuka. Sindinadziwe konse ngati mayi wamtaliyo anazindikira, kapena anangonyansidwa ndi dothi.

Alendo atapita ndinazungulira kuseri, ngakhale ndinkadziwa kuti sindiyenera kutero. Ndinkati dothi latsopano lindiuza pamene panali mwana wanga. Ndinapeza maenje paliponse, m'kati mwa chingwe, kunja kwa chingwe, m'mbali mwa mpanda, pafupi ndi khomo lathu, onse ofanana kukula, onse okwiriridwa mofanana. Alamu anakumba dala malo ambiri kuti mwamuna aliyense asadziwe.

Sabata yotsatira amisiri anayamba dzenje, ndipo bwana anati ndiwathandize kuti lithe msanga. Ndinagwira piki. Palibe anandiuza kuti amayi aja anapeza chimene anadzera. Patapita zaka zonse zija, m'dothi la nthochi lonyowa, mwina alamu nawonso anaiwala malo, mwina anatenga dothi lokha. Nthawi iliyonse piki ikagunda cholimba ndinkafulumira kupondapo Mbemba asanaone. Unali muzu, linali botolo losweka, unali mwala. Tinakumba mpaka dzenje linatipitirira mutu.

"Ba khukhi, mbeba zanu zathaba," anatero wamkulu uja akutuluka. "Koma thukuta lanu lachilamo. Mudwala?"

Ndinati ndi dzuwa.

Nyumba anaigula bambo wa chipani uja. Chimbudzi chamadzi chija ine sindinachigwiritsepo ntchito, chifukwa iye anabwera ndi wophika wake. Tinasamukira ku Chelstone, kumene ndinapeza ntchito kwa mphunzitsi wina, ndipo kumeneko miyezi yotsalayo ndinkadzidzimuka mkazi wanga akangokhosomola. Zowawa zitayamba ndinathamanga kukagogoda kwa munthu wa galimoto amene sindinkamudziwa n'komwe. Anabadwa mwana wamkazi, akulira.

Ana a nthochi aja alamu anawabzala kuseri kwa nyumba yawo ku Kabwata, ndipo anabereka kwambiri. Ndikapita kukacheza ankadula phava lakupsa n'kuliika patsogolo panga, ine n'kunena kuti ndakhuta.

"Idyani, alamu," ankatero. "Si pamenepo."

"Nanga ndi pati?"

"Mwayambanso?"

Anamwalira osandiuza. Nthochizo zikadalipo, ana awo ndiwo amadya, koma ine sindinalawepo ngakhale imodzi.