Makoswe a M'chipinda cha Zenera

Titasamukira m'nyumba yatsopano ku Nsipe, zipinda za ana zinali ziwiri: china cha zenera lalikulu, china chamdima, choyandikana ndi khola la mbuzi. Chabwinocho ndinkafuna chikhale cha Tadala, mwana wanga wobereka ndekha. Ndiye ndinanong'oneza Chisomo, mwana wa amuna anga, kuti cha zeneracho muli makoswe osaneneka.

Tsoka ilo, Tadala anamva. Analira kuti sagonamo zivute zitani.

"Musadandaule amayi, ndigonamo ine," anatero Chisomo. "Paja wamkulu ndine."

Amuna anga anandiyamikira kuti ana ndikuwalera bwino. Ndinangoti zikomo, maso ali pansi.

Loweruka lake Chisomo anakatenga mphaka kwa agogo ake ku Kandeu. Mphakayo sanagwirepo khoswe ndi mmodzi yemwe. Mpaka lero amadya usipa wanga, uku akundiyang'ana ngati akudziwa.