Mlimi wachisanu ndi chiwiri

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4. Osati mutu unali wouma, ayi. Bambo atamwalira wina anayenera kulowa m'matope a mpunga, ndipo winayo ndinali ine. Mng'ono wanga ndiye anapitirira mpaka ku koleji ya zaulimi.

Chaka chake chomaliza anabwera kwathu ku Vinthukutu ndi mulu wa mapepala a mafunso. Akuti kuti amalize maphunziro, aphunzitsi amutuma kafukufuku: afunse alimi a pa sikimu yathu yothirira mpunga, kenako alembe buku lathunthu.

"Si chimangirizo chomwe chija timalemba ifenso?" ndinamufunsa.

"Yayi, akulu. Chimangirizo mumangotapa za m'mutu mwanu. Ichi chimafuna umboni."

"Umboni ndi ineyo. Khala pansi."

Alimi ena ankamuzemba. Masiku amenewo munthu wonyamula pepala ndi cholembera sunkamuyankha mwachisawawa. Ankangomuuza kuti zonse zili bwino, tikuthokoza boma, basi. Ine ndinalankhula masiku atatu, titakhala m'mbali mwa ngalande. Kuwokera mbande, kupirikitsa mbalame, misundu yoyamwa miyendo. Ndinamuuzanso mosabisa kuti madzi amathera ku mapuloti akumtunda, ife akumunsi timangolandira matope.

"Pang'onopang'ono, akulu, dzanja latopa."

"Dzanja la cholembera limatopanso? Bwera ugwire khasu."

Ankaseka, akulemba. Chibadwire palibe munthu anandimverapo chotero. Masiku atatu amenewo ndimawasowa.

Patapita miyezi anabwera nalo bukulo. Lachikuto chakuda cholimba, lotayipa, Chingerezi chokhachokha. Akuti limeneli ndi langa, andisiyira. Ndinasamba m'manja kaye. Chingerezi sindichitha, koma dzina langa ndimalidziwa. Ndinayendetsa chala tsamba ndi tsamba. Palibe. Kumapeto ndinapeza mndandanda wa mayina a azungu olemba mabuku, anthu oti sanapondepo m'munda mwathu.

"Iwe, ine ndili pati?"

Anatsegula pakati n'kuloza. "Apa, apa, ndi apanso. Mlimi wachisanu ndi chiwiri ndinu."

"Nambala? Ngati ng'ombe ya ku dibi?"

"Ndi lamulo la kafukufuku, akulu. Wolemba buku amatchulidwa, wofunsidwa satchulidwa. Komanso zamadzi munanena zija, mukufuna achipani akupezeni?"

"Abwere! Ndinanama?"

"Simunaname. N'chifukwa chake."

Ndinamukankhira bukulo pachifuwa. Ndinati kalipereke kwa azungu akowo, ine sindisunga buku londibisa. Analiika m'chikwama, anatsanzika mayi, n'kupita kukadikira basi osadya.

Ankanena zoona, ndikudziwa. Zimenezo ndiye zimandikwiyitsa kwambiri. Anthu ankatengedwa pa nkhani zochepa kuposa yamadziyo, ndipo ine ndinali ndi ana awiri ang'onoang'ono. Koma munthu ukalankhula masiku atatu umafuna udzione penapake.

Anapeza ntchito kumwera, kubwera kwake kwa pa maliro basi. Za bukulo sitinakambenso. Ine ndinkadikira ayambe ndi iye, iye mwina ankadikira ine. Anadwala, anamwalira konko. Nditafunsa alamu anga, akuti mabuku ambiri anatayika posamuka, lachikuto chakudalo sakulikumbuka.

Tsiku lija akadandiwerengera, n'kumandimasulira m'Chitumbuka mzere ndi mzere. Anali wokonzeka, chala chili pa tsamba. Ine ndi ukali wangawu sindinamulole. Mpaka lero sindidziwa kuti mlimi wachisanu ndi chiwiri uja ananena zotani m'Chingerezi.